Chilumba cha Anthu Awiri

Lolemba

Sabata ino ndi yomaliza. Lolemba likubwerali mayi a Tadala akukwera basi ya ku Chitipa, kumene boma lawasamutsira. Chitipa! Munthu wagwira unamwino kuno ku Mitundu mpaka imvi, lero akuti kumpoto kukusowa anamwino odziwa ntchito. Ine sukulu sindingaisiye, ndatsala pang'ono kupuma. Ndiye iwo uko, ine kuno.

Tadala, mwana wathu woyamba, watumizanso zithunzi pa foni. Amagwira ntchito yolandira alendo pa kachilumba kena ka m'nyanja ya mchere, ku Mozambiki. Timanyumba tamatabwa tofolera ndi udzu, miyendo yake itazikika mumchenga. Timatenti ting'onoting'ono pansi pa mitengo ya kokonati. Akuti azungu amachoka kutali n'kulipira kuti agone panja, popanda magetsi. Koma abale! Ife kuno magetsi amatizimira ulere.

Amayi ake ayang'ana zithunzizo nthawi yaitali, akukulitsa ndi zala. Kenako akuti, "Ena amalonjeza, ena amapita." Osandiyang'ana n'komwe.

Ndamva. Tili pachibwenzi, pakhoma la kwawo ku Nathenje panali kalendala ya chithunzi cha chilumba. Ine ndi pakamwa panga, tsitsi lidakali lakuda: "Tsiku lina ndidzakugonekani pachilumba, awiriwiri." Chiyambire banja lathu, awiriwiri sitinadyepo ngakhale mbatata. Ana athu atakula n'kuchoka kunabwera ana a abale. Palinso azakhali awo a mayi, amene anabwera kudzangolandira mankhwala a kuthamanga kwa magazi Tadala ali ku pulayimale. Mpaka lero akulandirabe.

Malipiro a mphunzitsi safika kunyanja ya mchere. Koma njinga yanga imafika kumtsinje wa Diamphwe, ndipo lero ndakaonako. Madzi aphwera. Pakati pa mtsinje patuluka mchenga woyera, madzi uku, madzi uku. M'kalasi ndimaphunzitsa ndekha kuti chilumba ndi mtunda wozunguliridwa ndi madzi. Bukulo silinena kuti madziwo akhale amchere.

Ndavula nsapato, ndawoloka. Madzi olekeza m'mawondo. Malo aakulu ngati bwalo la mpira wamanja, bango mbali imodzi, timbalame tikulira. Kumapeto kwake kuli amuna angapo ndi mafosholo. Tapatsana moni. Anthu aulemu kwambiri.

Loweruka tigona pamenepa. Chinsinsi!

Zofunika:
- tenti (kwa alamu ku Nathenje)
- matiresi
- mbaula ndi makala
- mtedza wokazinga, nsomba, tiyi wamkaka
- tochi
- pakamwa potseka

Mtima uli myaa.

Lachiwiri

Nathenje. Alamu anga a Chikuse, achimwene awo a mayi a Tadala, amabwereketsa matenti ndi mipando. Ndapempha tenti yaing'ono.

"Yaing'ono ya chiyani, alamu? Ya nkhuku?"

Ali nazo ziwiri. Yoyera, ya maukwati, yapita ku chinkhoswe. Yatsala yobiriwira, ija imayenda m'maliro kuyambira ku Nathenje mpaka kwathu kuno. Ndaiyang'ana, yandiyang'ana. Tenti ndi tenti basi, nsalu ilibe mlandu.

Afunsa kuti ndi ya ntchito yanji. Ndati za kusukulu. Ndanama, Mulungu andikhululukire, koma alamuwa ukawauza kanthu m'mawa, masana kafika kale kwa mlongo wawo.

Kulemera kwake! Nsalu yokha tanyamula anthu atatu, zitsulo zake padera. Mu minibasi singalowe. Mwamwayi papezeka kalole ka tomato kobwerera ku Mitundu kudzera msewu wafumbi. Woyendetsa wangoona nsalu yobiriwirayo, wavula chipewa. Wazimitsa wailesi. Wathamangitsira mnzake kumbuyo, ine wandikhazika kutsogolo.

"Limbani mtima, aphunzitsi."

Apa ndimayenera kufotokoza. Koma ndinenanji, poti ndi chinsinsi? Komanso kutsogolo kulibe fumbi. Ndayankha kuti zikomo, nkhope nditagwetsa pang'ono. Njira yonse tayenda chete, mabampu akuwadutsa mwaulemu. Sindinakwerepo galimoto yoyenda bwino chonchi.

Tenti ndaibisa kuseri kwa khitchini, ndaphimba ndi mapesi. Zitsulo zikuonekerabe, koma m'nyumba muno aliyense maso ali pa makatoni. Mayi abwera nawo kuchokera kugolosale, akuti ayambe kulongedza.

Tadala yekha ndiye ndamuuza. Wanditumizira malamulo a pakampu yawo ya alendo:
- mlendo akafika, chakumwa chozizira m'manja
- thaulo pabedi lipindidwe ngati mbalame
- dzuwa likalowa, phokoso ayi

Lamulo lachitatulo ndi limene landisangalatsa. Phokoso ayi! M'nyumba muno ngakhale kubafa amakugogodera kufunsa kumene kuli machesi.

Thaulo ndayesa kupinda, nditadzitsekera. Latuluka ngati bakha wopondedwa ndi ngolo. Ndiyesanso mawa.

Lachitatu

Ndilembe bwinobwino, mwina tsiku lina ndidzaziseka.

M'mawa. Mayi a Tadala kuntchito, ana a abale kudimba, azakhali kuchigayo. Mpata ndi umenewu woti ndiyeserere kukhoma tenti, ndisakachite manyazi Loweruka. Ndaitana a Jere, mlonda wa pasukulu pathu. Munthuyu safunsa mafunso, n'chifukwa chake ndimamukonda. Tazika zitsulo, takoka zingwe, thukuta kamukamu. Tenti yadzaza bwalo lonse, yameza ndi chingwe choyanikira zovala chomwe. A Jere apita kwawo kukagona, poti ntchito yawo ndi ya usiku.

Ndatsitsa nsalu za m'mbali. Ndalowetsa matiresi kuti ndimve mmene mlendo amamvera. Kamthunzi kabwino, kamphepo kayaziyazi. Vuto ntchentche zokha. Ndadzifunditsa chitenje cha mayi kuyambira kumutu. Ndati nditseke maso pang'ono.

Zotsatirazi ndachita kuuzidwa. Woyendetsa lole uja wanena pamsika kuti kwa aphunzitsi kwapita tenti yobiriwira. Azakhali pochokera kuchigayo aipeza itaima, aponya ufa pansi, ayamba kulira osafunsa munthu. Mayi Nabanda, oyandikana nafe nyumba, amenenso ndi mkulu wa amayi a mvano, athamanga kudzasuzumira mkati. Aona mapazi awiri atatuluka kunsi kwa chitenje. Basi, umboni wakwana.

Ine ndikudzidzimuka ndi nyimbo. Yokoma bwanji, mawu onse ali m'malo mwake. Ndikuganiza kuti ndi wailesi. Kenako kuseri kwa nsalu ndikumva amuna akulankhula motsitsa.

"Dzulo lomweli ndawaona ali bwinobwino."

"Anali munthu wabwino. Koma njinga yawo sankabwereketsa."

"Masamu ankawadziwa. Kuseka kokha ndiye ayi."

Kuseka ayi? Ine?

Ndavundukula chitenje, ndatuluka, ndikufunsa kuti kwagwanji. Nyimbo yadukira pakati. Amayi ena liwiro, masilipasi kusiya pomwepo. Wina walumpha mpanda wa nkhumba, munthu woti Lamulungu amayenda ndi ndodo. Mayi Nabanda okha angokhala pansi, manja kumutu. Pamsewu aika kale masamba mbali zonse ziwiri, apanjinga akutsika n'kumakankha. Nkhuni zaunjikidwa, ufa wabwera m'mabeseni. Anthu a kuno pa zovuta sachedwa, zimenezo ndiwayamikire.

Zonsezi ndikanaseka. Koma wina anali ataimba kale foni kuchipatala.

Njinga yamoto yaima pamsewu. Mayi a Tadala atsika, yunifolomu yoyera ili fumbi lokhalokha, nsapato imodzi. Inayo sakudziwa pamene yagwera. Anthu apatuka. Afika pamene ndaima, andigwira pamkono mmene amagwirira odwala, maso ali pa wotchi yawo. Zala zawo zikuzizira. Atatha akuti, "Muli moyo." Alowa m'nyumba. Chitseko cha kuchipinda ndachimva chikukhomedwa ndi kiyi.

Za tenti sanafunse. Bola akanandikalipira.

Lachinayi

Ndagona mu tenti. Kuchipinda kokhoma, pabalaza padzaza ana a abale.

Ndiye za kugona pakampu ndazilawa. Ndemanga za mlendo:
- mphepo ya Ogasiti imalowera pansi pa nsalu ngati kwawo
- agalu a m'dera lonse abwera kudzazonda, mmodzi wagona kumapazi
- tenti ya khamu, munthu mmodzi: ukatsokomola imakuyankha
- azungu aja mwina ndi olimba mtima, mwina akabwerera kwawo sauzana zoona

Tadala waimba foni. Uthenga wa dzulo unamufikira ali pakati pa alendo, walira mpaka abwana ake kumukhazika pansi. Lero akuseka mpaka kutsamwa. "Adadi, ine ndinati thaulo ngati mbalame. Za maliro mwazitenga kuti?" Ndamupepesa. Wandiuza kuti ndikapepese kwa amayi ake, iye alibe mlandu ndi ine.

Masana, alendo. Mwamuna akagona kunja kwa nyumba yake denga lili bwinobwino, imeneyo si nkhani ya awiri, ndi ya ankhoswe. Mayi Nabanda anandiona m'mamawa ndikutuluka mu tenti ndi bulangete paphewa, ndipo foni ali nayo. Alamu a Chikuse, amenenso ndi nkhoswe ya kuchikazi, atulukira atavala jekete. Achimwene anga aakulu, nkhoswe ya kwathu, abwera kuchokera kumudzi ndi chipewa chawo cha milandu. Bwalo lachitikira mu tenti momwemo, poti muli mthunzi. Mayi a Tadala pamphasa, maso pansi.

Alamu: "Munati za kusukulu. Sukulu yake ndi imeneyi?"

Achimwene: "Tauza ife, ndife akuluakulu. Pali mkazi wina?"

Ndaulula zonse. Kalendala, lonjezo, mchenga wa ku Diamphwe, chakumwa chozizira, thaulo. Munthu wamkulu, imvi mbuu, kufotokoza kapindidwe ka thaulo pamaso pa ankhoswe! Alamu aseka mpaka kupukuta misozi ndi tayi. Achimwene sakumvetsa mpaka pano. "Nyumba yamalata uli nayo. Bedi uli nalo. Ukagone pamchenga walakwira ndani?"

Mayi a Tadala adzutsa mutu kamodzi kokha. "Kalendala ija mukuikumbukira?" Ndati eya. Ayang'ananso pansi. Ngati zandithandiza kapena zandiwonjezera mlandu, sindikudziwa.

Chigamulo. Tambala mmodzi wopepesera mayi. Nsapato zoyera zatsopano. Ndikapepesenso kwa amayi a mvano, makamaka aja analumpha mpanda. Ndipo poti ankhoswe sangabwerere asanaone ndi maso awo kuti banja lagwirizana, Loweruka apita nawo kuchilumba. Onse awiri.

Awiriwiri asanduka anayi.

Kuchipinda atsekula. Koma andipatsa msana, ndipo bulangete lalikulu latengedwa kale, lili mu katoni.

Lachisanu

Ndapita kukapepesa kwa mayi Nabanda. Andilandira bwino, andipatsa mpando, andikhudzanso paphewa kuti atsimikize.

Kenako nkhani. Ufa uja anauthira kale m'thumba limodzi, ndani angadziwe kuti uwu ndi wa uje, uwu ndi wa uje? Nkhuni zinabwera, kuzibweza n'zamanyazi. Komanso anamwino athu achoke chonchi osatsanzikana nawo, theka la ana a mudzi uno anabadwira m'manja mwawo? Ndiye agwirizana kale. Phwando lotsanzikana, mawa, kuchilumba komweko.

"Mwaganiza bwino, aphunzitsi. Ife malo timasowa."

Ndangovomera. Munthu amene anthu anakusonkhera ufa dzana, ungawakanize bwanji?

Opita kuchilumba cha awiriwiri:
- ankhoswe, ndi akazi awo
- amayi a mvano
- kwaya, akuti nyimbo ija inadukira pakati, aimalize
- anamwino anzawo amene sali pantchito
- azakhali, akuti mpweya wa kumtsinje umatsitsa magazi
- woyendetsa lole uja, wadzipereka kunyamula tenti, akuti akufuna aone mathero ake
- a Jere, sanafunse chilichonse, angoti abwera
- ine

Lamulo la phokoso ayi ndalifufuta. Chakumwa chozizira chasanduka thobwa m'ndowa.

Ndimafuna kukayendera chilumba changa lero, kuonako pozika zitsulo. Nthawi yatha ndi kusaka tambala. Aliyense pamsika akufuna andigwire chanza. Wogulitsa nsomba akuti ndanenepa chiukire. Ana a sukulu akandiona akuima patali n'kumanong'onezana. Njinga ndabwereketsa kwa anthu awiri lero, aone okha.

Madzulo mayi a Tadala akugawa ziwiya. Masipuni awa a kuno, awa a ku Chitipa. Poto uyu wa kuno, uyu wa uko. Afika pa makapu awiri amaluwa aja tinalandira paukwati, amene samwera mlendo aliyense. Aima nawo m'manja. Imodzi aikulunga m'nyuzipepala, yalowa mu katoni. Inayo aibwezera pashelefu.

Ndatuluka panja ngati ndikukatsekera nkhuku. Zandipweteka, ndisabise. Sabata yonse ndathamanga ndi tenti ya maliro, pamene ndikanangokhala pansi n'kumawapatsira nyuzipepala.

Thaulo ndapindanso. Tsopano lili ndi khosi.

Loweruka

Ulendo! Lole patsogolo, tenti ndi mipando pamwamba, azakhali pampando wanga uja wopanda fumbi. Ngolo ya nkhuni pambuyo. Amayi a mvano ndi ndowa pamutu, kwaya ikuyeserera m'njira. Ine panjinga, mayi a Tadala pakaliyala, atagwira shati langa ndi zala ziwiri zokha.

Tafika pamtsinje.

Chilumba palibe.

Ndatsika, ndayang'ana kumtunda, ndayang'ana kumunsi. Bango ndi lomwe lija. Timbalame ndi tomwe tija. Amuna aulemu aja ndi omwe aja, akutsuka mafosholo. Ndi okumba mchenga. Sabata yonse akhala akupakira malole opita ku Lilongwe, kumene anthu akumanga nyumba.

Mkulu wawo: "Mchenga uwu ndi wa pulasitala, bwana. Akuulimbirana."

Ndiye chilumba changa chili m'tauni, pakhoma la munthu. Chatsala kachidutswa pakati pa madzi, kukula kwake ngati mphasa imodzi. Nako kapulumuka chifukwa Loweruka amaweruka masana.

Alamu aseka mpaka kutsamira tayala la lole. Achimwene avula chipewa, ayang'ana madzi, andiyang'ana ine. "Ndi pompa?" Ndangoloza kachidutswa kaja. Mayi a Tadala sindinayerekeze kuwayang'ana.

Amayi a mvano alibe nazo ntchito za chilumba. Mafuwa pansi, moto wayaka. Tenti yaima m'mphepete mwa mtsinje m'kanthawi kochepa, anthuwa amaidziwa ngati malaya awo. Odutsa m'njira ayamba kuvula zipewa, moti alamu aimirira panjira n'kumakuwa, "Si maliro! Pitirirani! Si maliro!" Ena sanapitirire, akhala.

Kwaya yamaliza nyimbo yake. Tambala wadyedwa, ine ndalandira khosi. Kenako mphatso: zitenje, mtedza, nkhuku yamoyo yoti ikwere nawo basi mpaka ku Chitipa. Amayi akubwera mmodzimmodzi, aliyense akukankhira mwana kutsogolo. "Uyu ndi wanu, anamwino. Uja wa usiku wa mvula uja." Mayi a Tadala akuwatchula maina onse, akulira, akuseka. Sindinkadziwa kuti ali ndi ana ambiri chotere. Phwando labwino zedi. Kungoti si langa. Ndaima kumbuyo ndi chikwama, thaulo langa lili mkati.

Dzuwa lapendeka. Achimwene aimirira kuti anene mawu ochepa, ayambira pa agogo athu. Ali pakati, mayi a Tadala anyamuka. Avula nsapato. Akwinya chitenje mpaka m'mawondo. Atenga flasiki ndi kajumbo, alowa m'madzi. Afika pakati, osatembenuka:

"Bambo a Tadala, mukudikira boti?"

Ndawoloka ndi thalauza lomwe.

Kamchengako kamakwana anthu awiri ngati apinda miyendo. Azakhali ayamba kuvula masilipasi kuti atitsatire. Ndamva alamu akuti, "Malo atha, azakhali." Ndipo si bodza. Okumba mchenga aja andichitira chimene ine ndalephera chikwatirire.

Ndatulutsa thaulo, ndapereka ndi manja awiri.

"N'chiyani chimenechi?"

"Mbalame."

"Ikudwala."

Alitambasula, akhalira. M'kajumbo muja atulutsa mtedza ndi makapu awiri amaluwa. Onse awiri. Ina ija achita kuimasula mu katoni.

Tikumwa tiyi. Madzi uku, madzi uku. Kutsidya khamu lonse likutiyang'ana ngati kanema, achimwene akupitiriza mbiri popanda womvera. Mayi akulankhula maso ali pamadzi. Akuti Lachitatu, panjinga yamoto paja, sankaganiza za bokosi kapena za ana. Ankaganiza kuti m'mawa umenewo anatuluka mochedwa osanditsanzika, ndiponso za mawu aja a Lolemba, a olonjeza ndi opita.

"Njira yonse ndimangopempha kuti ndikupezeni. Chilumba sindinachikumbuke n'komwe."

Ndati pepani.

"Mukadzabwerezanso, ndidzakumalizani ndekha. Imwani, tiyi akuzizira."

Mtedza tatha wonse, wopanda wopempha. Mchenga ukugumuka pang'onopang'ono m'mbali, madzi alowa pansi, thalauza lanyowa kumbuyo. Takhalabe. Kutsidya kwaya yayambanso, koma motsitsa, mwina mayi Nabanda awatsina khutu. Tawoloka pamene mphepo yayamba kuluma.

Pobwerera, pakaliyala, andigwira m'chiuno ndi dzanja lonse.

Lamulungu

Kutchalitchi, pa zolengeza, mkulu wa mpingo akuti kwa amene sanamve, aphunzitsi ali moyo. Anthu aomba m'manja. Ndaimirira pang'ono, ndakhalanso.

Tenti yapindidwa, yabwerera ku Nathenje. Alamu akuti kuyambira lero sindibwerekanso ngakhale mpando popanda chilolezo cha mlongo wawo. Achimwene abwerera kumudzi akupukusabe mutu.

Namwino wina anatijambula dzulo. Ndatumiza kwa Tadala: nkhalamba ziwiri zitapinda miyendo pa kamchenga, makapu m'manja, ng'ombe ikumwa madzi kumbuyo. Wayankha kuti alendo ake akanalipira kawiri. Mwanayu ndi waulemu.

Lonjezo lija, tikaliunika bwino:
- chilumba: eya, mwa buku la sitandade faifi
- awiriwiri: eya, mudzi wonse ukuonerera
- kugona: ayi

Ndawawerengera mayi. Akuti mbali yatsalayo ndiisunge. "Ku Chitipa mitsinje iliko. Mubwere holide ya Disembala. Tenti muisiye." Disembala mitsinje imadzaza, mchenga wonse umamira. Iwo akudziwa, inenso ndikudziwa. Ndati ndibwera.

Azakhali alengeza kuti akupita nawo, akuti mankhwala awo amayenda ndi namwino. Ana a abale akubwerera kwa makolo awo sukulu zisanatsekulidwe, poti ine kuphika kwanga amakudziwa. Ndiye kuyambira mawa m'nyumba muno muli monga pakampu pa Tadala: dzuwa likalowa, phokoso ayi. Ndinalilakalaka ndekha lamulo limeneli. Lero sindikulifuna.

Makatoni amangidwa zingwe. Nkhuku ya ku Chitipa ili m'dengu pakhonde. Masana pamsewu padutsa lole yodzaza mchenga, madzi akudontha kumbuyo. Lamulungu lomwe! Ndaiperekeza ndi maso mpaka pakona.

Kapu ija yabwerera m'nyuzipepala. Yanga ili yokha pashelefu, pansi pake patsalira timchenga. Mayi afuna kuitsuka, ndati aisiye.

Ndikapope matayala a njinga. Mawa ndikuwaperekeza pasiteji.